Za earth ya dishi, kuyankha achimwene a ku Senga Bay

Achimwene, mwafunsa ngati kawaya kamene okuikirani dishi anamangirira ku msomali n'kukhomera pansi kangakutetezeni ku mphenzi. Kunena mosabisa, kameneko sikakwanira. Msomali wa mainchesi 6 uli mu mchenga wouma wa ku Senga Bay, ndipo mchenga wouma sulola magetsi kudutsa bwino. Pooneka kali ngati earth, njira yotsitsira mphamvu ya magetsi m'nthaka, koma ntchito yake palibe.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndinaona ndi maso anga kwa alamu anga ku Dwangwa. Mphenzi sinamenye nyumba yawo n'komwe, inagwera pa mtengo wa mango wa aneba. Koma titatsegula dikoda tinapeza pamene pamalowa kebulo pada bii, pakununkha pulasitiki yopserera, TV nayo osayakanso. Mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu yake imalowa m'mawaya aatali, ndiye kebulo yochokera ku LNB, kachipangizo kokhala kutsogolo kwa dishi kaja, imasanduka msewu wolunjika pa balaza panu.

Chofunika ndi earth rod yeniyeni, ndodo yokutidwa ndi kopa. M'mahadiweya zambiri zimakhala za mamita 1.2, koma kwa inu a kunyanja ndikanakonda mulumikize ziwiri kuti zifike mamita 2.4, mpaka zikapeze dothi lachinyontho. Ikhomereni pomwe pamakhala ponyowa, monga pamene madzi a padenga amagwera, pafupi ndi khoma lomwe pali dishi. Ena amathira mchere ndi makala m'dzenjemo. Zimathandiza poyamba, koma mchere umadya zitsulo ndipo mvula imaukokolola, ndiye ine ndimati bola kuzamitsa ndodo.

Waya wochoka pa chitsulo chogwira dishi kupita ku ndodoyo akhale wa kopa wonenepa, wa 16 mm², osati zotsala za waya wa mababu. Palani penti pamene mukumangirira kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, mumange ndi bauti kapena clamp, osangopota ndi manja. Wayayo atsike mowongoka komanso mwachidule. Ndaonapo ena akumukulunga ngati nkhata kuti aoneke bwino, chonde musatero, mphenzi sikhota pakona, imalumpha n'kulowa kwina.

Pamene kebulo ikulowera m'nyumba ikanipo grounding block, kachitsulo kakang'ono kolumikiza kebulo mbali zonse ziwiri, kali ndi sikuluwu yomangirapo waya wa earth.

Tsono apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo ndikupemphani mumvetsetse. Ndodo ya dishi iyenera kulumikizidwa ndi earth ya nyumba, ija ili pafupi ndi mita ya ESCOM. Zikakhala paderapadera, mphenzi ikagwa mphamvu ya pa ndodo ziwirizo imasiyana kwambiri, ndiye magetsi amafuna njira yochoka kwina kupita kwinako. Njira yake ndi iti? Kudzera mu dikoda ndi TV yanu. Gawo limeneli aitanireni amagetsi odziwa ntchito, akhale ndi chipangizo choyezera earth, musalowetse manja mu bokosi la magetsi nokha. Ngati dikoda imakugwirani pang'ono mukakhudza kumbuyo kwake, auzeni ayang'anenso earth ya nyumba yonse.

Komanso dishi sifuna kukwera pamwamba ngati eriyo. Imangofuna kuona kumwamba popanda mtengo wotchinga. Ngati ili pansonga pa denga la malata, itsitseni ibwere pakhoma.

Ngakhale mutachita zonsezi, mphenzi ikamenya dishi mwachindunji zinthu zikhoza kupsabe. Earth imachepetsa ngozi ya moto ndi kuvulala kwa anthu, komanso imathandiza pa mphenzi zogwa pafupi. Choncho kuyambira Novembala mpaka Epulo, mukaona mitambo yakuda ikudzera kunyanja, zulani pulagi pa soketi ndi kumasula kebulo kumbuyo kwa dikoda mvula isanafike. Kungothimitsa ndi rimoti sikuthandiza. Ikayamba kung'anima musagwirenso mawaya, ngakhale mpira uli pakati. Werengani masekondi kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda: masekondi 3 ndi pafupifupi kilomita imodzi. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza musanalumikizenso, ndipo ana muwauze zimenezi, poti nthawi zambiri ndi iwo amakhala pa TV masana inu muli kuntchito.

Mukatha, jambulani pomwe mwamanga waya pa dishi ndi pa ndodo, muponye muno tione.