Chromosome Ikatembenuka: Yankho kwa Aphunzitsi a ku Katete

Aphunzitsi ena a Biology a ku Katete andilembera imelo kufunsa ngati kusintha kwa kayalidwe ka chromosome (timaulusi ta m'maselo tonyamula chibadwa) kumabala mtundu watsopano wa chamoyo, kapena ndi matenda basi monga ana awo amaganizira.

Aphunzitsi, funso lanu landikumbutsa nthawi imene ndinkathandiza kugwira udzudzu m'midzi ya ku Mambwe. Tinkalawirira kuyala nsalu zoyera m'nyumba, kupopera mankhwala, n'kutola udzudzu umene wagwa, eni nyumba akutiyang'ana modabwa. Mu udzudzu waukazi umene mazira ake akukhwima muli ma chromosome akuluakulu amene pa maikulosikopu amaoneka ndi mizeremizere. Pa ena mizereyo inkapindika n'kupanga kagango, ndipo kagangoko ndiko chizindikiro cha inversion: kachigawo kanaduka, kanatembenuka, n'kulumikizikanso chamutu pansi. Udzudzuwo sunali wodwala, unali utakhuta magazi a anthu usiku womwewo.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuti ana athu amaphunzira za Down syndrome (vuto lobadwa nalo lodza ndi chromosome yoonjezera) n'kuthera pomwepo, pamene chitsanzo chabwino koposa chikuwaluma madzulo alionse. Kuphunzitsa motero n'kuwamana theka la phunziro. Mbidzi za ku Luangwa zili ndi ma chromosome 44 ndipo bulu ali ndi 62. Munthu ali ndi 46 pamene chimpanzee ali ndi 48, chifukwa awiri analumikizana kukhala chromosome 2 yathu. Kodi onsewa tiwatche odwala?

Inversion sipanga ma gene (malangizo a chibadwa okhala pa chromosome) atsopano. Chimene imachita ndi kulepheretsa kusinthana kwa zidutswa pakati pa chromosome yotembenuka ndi inzake yosatembenuka, motero ma gene oyenerana ndi malo amodzi amapita kwa ana ali pamodzi, ngati mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi. Mario Coluzzi, katswiri wa udzudzu wa ku Italy, anaonetsa ku Nigeria ndi ku Mali kuti inversion yotchedwa 2La imachuluka mu Anopheles gambiae (udzudzu wofalitsa malungo) wa kumalo ouma ndiponso m'chilimwe, koma imachepa m'nkhalango zachinyontho. Mu mtundu wina, Anopheles arabiensis, umene sugonja ndi kuuma, udzudzu ulionse uli nayo.

Choti muwauze ana

Kusinthaku kumayamba ndi kuthandiza gulu kukhazikika pamalo ake, ndipo mtundu watsopano umadza pokhapokha gululo likasiya kuberekana ndi gulu limene linachokerako. Anopheles coluzzii, amene anapatsidwa dzina la Coluzzi mu 2013, ndi wosiyana ndi gambiae ngakhale kuti 2La imapezeka mwa onse awiri. M'kalasi dulani mapepala awiri, lembanipo A mpaka G, tembenuzani C, D ndi E pa limodzi, kenako auzeni anawo kuti ayese kugwirizanitsa zilembozo popanda kupinda pepala.