Bokosi latsopano, chikombole chakale: akasinja obwerezedwa

Bambo wina wa ku Kasungu walemba kufunsa za zidole za akasinja apulasitiki olumikiza wekha. Mlamu wake ku Joni akufuna kumutumizira awiri pa basi, Panzer II wa kampani ya Tamiya ndi Sherman wa kampani ya Airfix. Onse ndi otchipa, koma wamva kuti ndi akalekale amene angowatulutsanso m'mabokosi atsopano. Funso lake ndi lakuti, kodi ndi abwino kapena ndalama zingopita m'madzi?

Achimwene, yambani mwafufuza chaka chimene chikombole chake chinapangidwa, osati chaka cha bokosi. Tizidutswa ta kasinja timaumbidwa pothira pulasitiki yosungunuka m'chikombole chachitsulo, ndipo chikombole chimodzi chimagwira ntchito zaka makumimakumi. Panzer II wa Tamiya anatuluka mu 1971, Sherman wa Airfix mu 1961. Airfix inayamba kubwereza akale otere mu 2018 pa dzina la Vintage Classics. Makampani enanso amatero: akasinja a Matchbox a m'ma 1970 amatulukanso m'mabokosi a Revell, a Esci m'mabokosi a Italeri. Chatsopano m'katimo ndi pulasitiki, pepala la malangizo ndi timasitika tonyika m'madzi. Timasitikato n'tofunika, chifukwa ta m'bokosi lomwe lakhala zaka 40 timakhala titachita chikasu ndipo timanyenyeka tikangogwa m'madzi.

Amene anaumbapo njerwa akudziwa zimene chikombole chotha chimachita: dothi limatulukira m'mbali. Pulasitiki nayo imadontha pamene mbali ziwiri za chitsulo zasiya kugwirana, n'kusiya kakhungu kopyapyala kuzungulira kachidutswa. Pa thupi la kasinja si nkhani, leza amachotsa. Pamavuta ndi pa mawilo ndi pa mpope wa mzinga, makamaka mbali ziwirizo zikasemphana pang'ono: wilo limatuluka ndi kamzere pakati, mpope umasiya kukhala wobulungira. Musadule molowetsa leza. Muimikeni chilili n'kumapala mopepuka, kenako sandipepa wa madzi wa nambala 400, kumaliza ndi wosalalirapo wa nambala 800. Muonanso tizizindikiro tozungulira tosiyidwa ndi zitsulo zokankhira pulasitiki kuti ituluke, komanso timaenje pamalo okhuthala pamene pulasitiki inafota pozizira. Ngati mulibe phala lotsekera, donthezani super glue m'kadzenjeko, wazani soda yemwe uja wophikira therere, iuma nthawi yomweyo. Palani msanga, chifukwa ikagona imalimba kuposa pulasitiki ndipo sandipepa amayamba kudya m'mbali m'malo modya chotupacho.

Mwa awiriwa, wa Tamiya ndiye wokoma kuyambira. Ndi wa sikelo ya 1/35, kutanthauza kuti kasinja weniweni wa mamita 4.8 amakhala pafupifupi masentimita 14. Zidutswa zake n'zochepa, zikuluzikulu, ndipo zimalowana bwino ngakhale chikombole chakalamba. Chilema chake n'chobadwa nacho. Akasinja oyamba a Tamiya ankapangidwa kuti aziyenda ndi mota ndi mabatire, choncho ambiri a nthawi imeneyo ali ndi mabowo kunsi kwa thupi ndi mpata pamwamba pa matcheni (malamba ozungulira mawilo) woti ukasuzumira umaona m'kati mopanda kanthu. Tsekani ndi kapulasitiki ka theka la milimita kapena milimita imodzi. Chikho cha yogati cholembedwa PS kapena 6 kunsi chimachita, popeza ndi mtundu womwewo wa pulasitiki ndipo guluu wa mamodelo (womatira zidole zoterezi) amachigwira.

Sherman wa Airfix ndi wa 1/76, sakwana masentimita 8. Ameneyu ndi wofuna mtima wodekha. Tizinthu tambiri tinaumbidwa kumodzi ndi thupi, mawilo ndi ang'onoang'ono, ndipo kupala kumadya nthawi yambiri kuposa kumata.

Koma pamene ambiri amagwa ulesi ndi pa matcheni. Akale onsewa ali ndi matcheni ofewa ngati lamba, ndipo guluu wa mamodelo sawagwira, chifukwa guluuyo amamata posungunula pulasitiki yolimba yokha. Malangizo amati mulowetse timapini m'mabowo, mutenthe nsonga ya sikuludiraiva, mupsinje mitu yake. Gwiritsani msomali waung'ono wotenthetsa pa kandulo, muukhudzitse kamphindi chabe. Mukachedwa mubowola tcheni lonse. Njira yolimba kuposa ndiyo kusoka ndi ulusi wakuda, kawiri kapena katatu, n'kubisa msokowo kuseri kwa wilo. Pa Sherman matcheni akathina amakoka wilo lakutsogolo kapena lakumbuyo mpaka kuthyola kamtengo kake kopyapyala. Anyikeni m'madzi otentha oti chala chingapirire, muwakoke pang'onopang'ono, ndipo mawilowo muwasiye usiku wonse guluu aume musanaveke. Chinanso, mafuta ofewetsa amene ali m'matcheni ena amadya pulasitiki ya mawilo pakapita zaka. Pentani mawilo ndi matcheni padera musanawakhudzitse, utoto ukhale pakati.

Musanapente, tsukani zonse ndi madzi ofunda, sopo wa mbale ndi mswachi wakale, ziume zokha. Utoto ukhale wosungunula, mupake kawiri kapena katatu. Ukakhuthala umakwirira timizere tochepa timene kasinja wakale ali nato.

Kutentha kwa kwathu kuno musakupeputse. M'mwezi wa Okutobala, bokosi losiyidwa pa windo kapena pamwamba pa kabati pafupi ndi malata limapinditsa zidutswa zathyathyathya, ndipo fumbi limakakamira pa utoto wosauma. Vundikirani ndi beseni mukangomaliza kupaka. Uzaninso alamu anu aike mabokosiwo pakati pa zovala, asakhale kunsi kwa katundu wolemera, ndipo agule guluu wa mamodelo ndi utoto komweko, chifukwa n'zimene zimavuta kupeza m'masitolo a pa boma.

Ngati ndalama ndi ya bokosi limodzi, atenge Panzer II. Sherman mudzamutenge dzanja litazolowera leza, ndipo akadzafika, yambani mwayeza matcheni pa mawilo musanatsegule guluu.