Shire ngodzadza, nanga mjigo wathu ukuumiranji?

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo, akuti: "Pawailesi akuti nyanja ili ndi madzi ambiri, Shire nayenso ngodzadza, nanga bwanji mjigo wathu ukutulutsa madzi movutikira? Kodi chilala amachiyezera pati?"

Mayi, zikomo pofunsa, nkhani imeneyi imandikhudza heve. A National Water Resources Authority amayeza nyanja ya Malawi mmamita, kuwerengera kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nthawi zambiri imasewera cha mma 474 kapena 475. Ku Liwonde kuli Kamuzu Barrage, ija anamanga mu 1965, ndi pomwe amatsegula kapena kuchepetsa madzi otsika mu Shire. Ku Chiromo nakonso kuli geji, timizati tolembedwa manambala tozikidwa mmbali mwa mtsinje.

Koma madzi a Shire ambiri amachokera kumtunda, mvula ya kumpoto ndi ya ku Tanzania, si mvula yathu ino ayi. Kumbukani 2024, chimanga chinapserera mminda, a Chakwera nkulengeza za ngozi mmaboma 23 kamba ka El Niño, koma chaka chomwecho nyanja inasefukira mpaka kulowa mmalo ogona alendo ku Mangochi. Ndiye munthu ukangodalira kuyang'ana Shire upusitsika basi.

Ife kuno kuchigwa tilibe damu lalikulu la madzi akumwa ngati Mulunguzi ku Zomba kapena Mudi ku Blantyre, damu lathu lili pansi panthaka ndipo mungathe kuliyeza nokha. Pa mjigo, werengani kuti mwapopa kangati kuti chigubu cha malita 20 chidzadze, chitani mmamawa anthu asanayambe kutunga, tsiku limodzimodzi sabata iliyonse, nkulemba mkope. Pachitsime mangani mwala kuchingwe, tsitsani mpaka mumve kuti chubwi, mumange mfundo pamlomo pa chitsime, nazonso sabata iliyonse. Kupopako kukamachuluka kapena mfundozo zikamatalikirana msanga, mu Ogasiti momwe Okutobala asanafike, ndiye kuti madzi akuthawa. Alaweninso, poti kwathu kuno akamachepa mchere umamveka kwambiri, sopo osachita thovu.

Chimodzi chokha, nthawi zina vuto si chilala koma marabala a mjigo atha, ndiye mmisiri ayambe wayang'ana kaye. Akapeza kuti zonse zili bwino, tengani kopelo ndi a komiti ya mjigo mupite nalo ku ofesi ya zamadzi kwa DC ku Chikwawa, musadikire mpaka amayi ayambe kufukula mchenga mumtsinje wa Mwanza.