Chifukwa chake amwenye anachuluka ku Leicester

Achimwene, mwafunsa kuti amwenye a ku Leicester, mzinda wa ku England, bwanji ena amamva Chiswahili, ena Chichewa kumene. Ambiri mwa iwo sanachoke ku India kulunjika ku Britain, anadzera kuno ku Africa.

Makolo awo, makamaka ochokera ku Gujarat, dera la ku India, anabwera nthawi ya atsamunda n'kutsegula masitolo ku Kenya, Uganda ndi Nyasaland. Mzungu anawaika pakati, iye pamwamba, munthu wakuda pansi, ndipo chidani chinamera pamenepo. Mu August 1972 Idi Amin, mtsogoleri wa Uganda nthawi imeneyo, anawapatsa masiku 90 kuti achoke m'Uganda. Pafupifupi 28,000 anapita ku Britain. Khonsolo ya Leicester inachita kulengeza m'nyuzipepala ya Uganda Argus kuti asabwere, malo kulibe. Anabwerabe, poti abale anali komweko kale, ndipo lero msewu wa Belgrave Road ndi wa masitolo awo a golide ndi nsalu.

Kwathunso, m'zaka za m'ma 1970 Kamuzu anawachotsa m'madera a kumidzi kuti azichita malonda m'matauni okha, ndiye mabanja ena anasamukira ku Leicester komweko.

Koma musawaone ngati mtundu umodzi. Muli Ahindu, Asilamu ndi Asikh, olemera ndi ovutika. Mu 2022 achinyamata Achihindu ndi Achisilamu anachita zipolowe mumzindawu, zitayamba pambuyo pa mpira wa cricket wa India ndi Pakistan. Chaka chomwecho Rishi Sunak, mwenye amene bambo ake anabadwira ku Kenya ndipo mayi ake ku Tanganyika, anakhala nduna yaikulu ya Britain.