Azakhali, msambo wasiya chiyambire kuthamanga

Funso: Azakhali, ndili ndi zaka 16, ndili Fomu 3 kuno ku Ngabu. Ndimathamanga mtunda wautali komanso ndimasewera ntchemberembaye. Yakwana miyezi isanu osapita kumwezi. Agogo anandikokera kuchipatala poganiza kuti ndili ndi pakati, koma atandiyeza sanapeze kanthu. Anzanga akuti ndi mwayi, thupi lakhwima. Koma msongolo wakumanzere ukumandiwawa ndikathamanga. Kodi ndide nkhawa?

Yankho: Mwanangu, agogo anachita bwino kuyamba ndi kuyezetsa mimba. Koma zonena anzakozo usazimvere. Mtsikana amene anayamba kale kusamba akatha miyezi itatu osaona msambo, thupi likudandaula.

Ndikufunse: umadya chiyani usanapite kubwalo? Ndinakulira kuchigwa konkuno, ndimadziwa mmene tsiku lako limayendera. Kulawirira kumjigo, kuyenda wapansi kusukulu m'mimba mulibe kanthu, masana kubwalo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kutentha kofika madigiri 40. Pofika kunyumba nsima sikulowa, ukungofuna madzi. Mphamvu zotuluka zikaposa zolowa, thupi limayamba kutseka ntchito zina kuti lisunge moyo, ndipo msambo sutenga nthawi kutsekedwa. Homoni yotchedwa estrogen, imene thupi la mkazi limapanga lokha kuti liyendetse msambo, imatsika, chonsecho ndi yomweyo imene imateteza mafupa. Vutoli si lako wekha. Madokotala a zamasewera ku America analipatsa dzina mu 1992, Female Athlete Triad, ataona kuti kudya moperewera, kusiya kusamba ndi kufooka kwa mafupa zimayendera limodzi.

Chikundipweteka mtima ndi msinkhu wakowu. Mafupa amakhwima panopa, ndipo pofika zaka 20 ntchito yaikulu imakhala yatha. Chimene chaphonyeka pazaka izi sichibwereranso chonse.

Ndiye msongolowo usaupeputse. Ngati ululu uli pamalo amodzi oti ungaloze ndi chala, mwina fupa layamba mng'alu. Yamba wapuma kuthamanga, ubwerere kuchipatala, ukanene zonse ziwiri pamodzi, za msambo ndi za mwendo. Upemphe akuyezenso kuchuluka kwa magazi, pakuti kwathu kuno malungo ndi likodzo zimamaliza magazi a atsikana. Ngati unabayitsapo jakisoni wolera wa Depo, unene osachita manyazi. Nayenso amatha kuimitsa msambo ndi kuchepetsa mphamvu ya mafupa.

Mankhwala aakulu ali m'mbale. Usachoke pakhomo osamwa phala, kaya la mapira kaya la mgaiwa, lothira nsinjiro. Ukangotuluka m'bwalo, mwa thobwa, tafuna mtedza kapena mbatata, osadikira ya madzulo. Usipa ndi matemba uzidya ndi mitu ndi minga yomwe, kashiamu wolimbitsa mafupa ali mmenemo. Sangowa wa kumpanda uja, bonongwe, chitowe, malambe, ndi mkaka ukapezeka, zonsezi zimamanga mafupa. Ndikudziwa kuti miyezi ina nkhokwe imakhala yopanda kanthu. Nthawi ngati imeneyo chepetsa masewerawo, usalimbane ndi thupi lanjala.

Aphunzitsi a masewera adziwe chifukwa chimene wapumira. Ngati ndi abambo ndipo ukumangika, pita ndi agogo kapena aphunzitsi aakazi. Msambo ungatenge miyezi ingapo kuti ubwerere. Ukabwera, uzilemba masiku ake kumapeto kwa kope lako, ukawaonetse anamwino.