Inde achimwene, B-25 inanyamukadi pa sitima

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti ndege yoponya mabomba ya mainjini awiri inanyamuka pa sitima yapamadzi kukaphulitsa Tokyo, kapena ndi za m'mafilimu chabe. Zinachitikadi, pa 18 April 1942. Ndege zake zinali 16 za mtundu wa B-25 Mitchell, sitimayo inali USS Hornet ya asilikali a ku America, ndipo wotsogolera anali James Doolittle.

Komatu ndegeyi sanaipangire sitima ayi. Kampani ya North American Aviation inaipanga kuti izinyamuka pamtunda, ndipo inauluka koyamba mu August 1940. Amati ndi yapakatikati chifukwa siinkafika patali kapena kusenza katundu ngati B-17 ya mainjini anayi. Zoyambirira zija zinkavuta, zinkayepayepa m'mwamba. Mapiko ake anali opendekera m'mwamba kuyambira pathupi mpaka kunsonga, ndiye akatswiri anawongola mbali yakunja kwa injini kuti ikhale yogona. Mukayang'ana chithunzi chake chakutsogolo muona phiko lili ngati lopindika pa injini pomwepo. Atangokonza zimenezo inasanduka ndege yomvera, yosavuta ngakhale kwa woyendetsa wongophunzira kumene.

Kwa ine, kumvera kumeneku ndi kumene kunaipatsa ntchito ya Tokyo. Ndege ina yoponya mabomba, B-26 Marauder, inali yaliwiro kuposa iyi, koma inkafuna bwalo lalitali. Doolittle, amene ananyamuka koyamba, anali ndi malo osakwana mamita 150 kutsogolo kwake. Sitima inalunjika kumene kunkachokera mphepo, mainjini a Wright R-2600 anabangula mabuleki ali chigwirire, kenako n'kutaya mabuleki. Kuti mafuta akwane anachotsa mfuti zapansi n'kuikamo matanki owonjezera. Kumchira anazikako ndodo zopaka utoto wakuda kuti adani aziyesa mfuti. Musaseke, zinalidi choncho.

Kubwerera pa sitima kunali kosatheka. Komanso anauyamba ulendo nthawi isanakwane chifukwa boti la Japan linali litawaona, choncho mafuta anawathera. Ndege 15 zinakathera ku China, zina pagombe pake, anthu ambiri atadumpha ndi maparachuti. Imodzi inakatera ku Soviet Union. Zimene anawononga ku Japan zinali zochepa, ndipo amene analipira kwambiri ndi anthu wamba a ku China, omwe asilikali a Japan anawapha miyandamiyanda pobwezera.

Mbiri ya B-25 siinathere pamenepo. Ku Australia, woyendetsa ndege wa ku America, Paul Gunn, anadzaza mfuti kumphuno kwa ndegeyi, ndipo mu March 1943 pa nkhondo ya Bismarck Sea, nyanja ya kufupi ndi New Guinea, ndegezi zinkauluka chapafupi ndi madzi n'kuponya mabomba kuti azinjanja pamadzi mpaka kukagunda sitima m'nthiti. Pambuyo pake zina anaziika mpaka mzinga wa 75mm, ngakhale unkachedwetsa chifukwa chipolopolo chilichonse ankalonga ndi manja. Ma B-25 onse pamodzi anapanga opitirira 9,800. Dandaulo lalikulu la oyendetsa linali phokoso, moti ambiri anakalamba makutu atagontha.