Mafunso a Owerenga: Kulondola Anyamata Amene Anasowa ndi Ndege Zoponya Mabomba

Funso: Akonzi, ine ndine mayi wochokera ku Malawi ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'chigawo cha Lincolnshire ku England. Mmodzi mwa agogo amene ndimawasamalira anataya mlongo wawo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse iwo akadali kamtsikana. Chimene akukumbukira n'chakuti mlongo wawoyo anali wowombera mfuti m'ndege ya mtundu wa Lancaster, ndiponso kuti chakumapeto kwa Malichi 1944 kunabwera telegalamu yonena kuti wasowa. Makolo awo anamwalira osafuna kuikambanso nkhaniyi, ndipo tsopano agogowa akundipempha kuti ndiwathandize kudziwa kumene mwana wa kwawo anagwera. Kodi ndiyambire pati?
*Mayi wa ku Lincolnshire*

Yankho: Mayi, agogowo angathe kudziwa zambiri lero kuposa zimene makolo awo anauzidwa, chifukwa zikalata zochuluka zimene zinali zachinsinsi mu 1944 tsopano n'zotsegukira aliyense. Musanapite kwina kulikonse, khalani nawo pansi mufufuze m'makalata akale a banjalo, mupeze dzina lonse la mnyamatayo ndi nambala yake ya usilikali. Nambalayo musaipeputse. Mwa amuna pafupifupi 125,000 amene anauluka m'nthambi ya ndege zoponya mabomba ya Britain, yotchedwa RAF Bomber Command, anthu 55,573 anafa, ndipo pa chiwerengero chotere mayina ofanana ndi ambiri, moti wofufuza wopanda nambala angathe kulondola munthu wa banja lina mpaka kumanda.

Khomo loyamba ndi kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, amene ali pa intaneti ndipo salipiritsa. Mukalemba dzina mudzaona nambala, udindo, gulu la ndege limene munthuyo anali, tsiku limene anamwalira, ndi malo amene akukumbukiridwa. Malowo akakhala manda, ndiye kuti thupi linapezeka. Akakhala Runnymede, chipilala cha ku Surrey chimene chinatsegulidwa mu 1953 ndipo chili ndi mayina oposa 20,000, ndiye kuti mnyamatayo alibe manda odziwika, ndipo n'kwabwino kuti inu mudziwiretu zimenezi musanawalonjeze agogo chilichonse. Popeza muli ku Lincolnshire, muli pafupinso ndi International Bomber Command Centre ya mumzinda wa Lincoln, imene inatsegulidwa mu 2018, ndipo kaundula wake amasonyeza ndege imene munthu anakwera pamodzi ndi anzake amene anali nawo usiku umenewo.

Mukadziwa gulu la ndege ndi tsiku, pitani ku mabuku a gululo amene akusungidwa ku The National Archives, ku Kew mumzinda wa London, pansi pa chizindikiro cha AIR 27. Mabukuwa anajambulidwa, choncho mungawawerenge pa kompyuta popanda ulendo. Ali ndi mbali ziwiri. Form 540 imafotokoza mwachidule zochitika za tsiku ndi tsiku pabwalo la ndege, pamene Form 541 imatchula ndege iliyonse imene inanyamuka, nambala yake, mayina a amene anakwera, ndi nthawi yonyamukira. Lancaster inkanyamula anthu 7: woyendetsa, woyang'anira mainjini, wolondola njira, wolunjika mabomba, wa wayilesi, ndi owombera mfuti awiri, wina pamsana pa ndege, wina kumchira. Pa ndege imene sinabwerere, malo olembapo nthawi yofikira amakhala opanda kanthu, ndipo pambali pake nthawi zambiri pamangolembedwa kuti chinyamukire sinamvekenso. Anthu ambiri amakhumudwa akafika pamenepa, koma kalaliki amene ankalemba bukulo m'mawa mwake sakanatha kulemba zoposa pamenepo, popeza iye anali ku England ndipo ndegeyo inagwera kutali kumene sanaone.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chikalata chilichonse chimene mudzachipeze chinalembedwa ndi munthu amene anaona mbali imodzi yokha, monga mboni pabwalo la amfumu, ndipo mlanduwo umamveka pokhapokha mboni zonse zitafunsidwa n'kuyerekezera mawu awo. Tengani nkhani ya tsiku. Mawu akuti kumapeto kwa Malichi 1944 amakumbutsa anthu ambiri za ulendo wokaponya mabomba ku Nuremberg, mzinda wa ku Germany, usiku wa pa 30 kuchera pa 31 Malichi, pamene ndege 795 zinanyamuka ndipo 95 sizinabwerere, kutayika kwakukulu koposa kumene nthambiyi inakumana nako usiku umodzi. Mitambo imene ankayembekezera kuti ibisa ndegezo sinaoneke, mwezi unawala, njira inali yaitali ndi yowongoka, ndipo ndege za Germany zolondera usiku zinawapeza mosavuta. Komabe musafulumire kunena kuti mlongo wa agogowo anafera pamenepo, chifukwa masiku ochepa m'mbuyo mwake, usiku wa pa 24 kuchera pa 25 Malichi, ndege 72 zinatayikanso pa ulendo wa ku Berlin. Dziwaninso kuti ndege zinkanyamuka madzulo a tsiku lina n'kugwa pakati pa usiku tsiku litasintha kale, motero buku la gulu lingalembe 30 pamene mwala wa pamanda walemba 31, ndipo onse awiri akunena zoona. Ngakhale chiwerengero cha 95 chija sichikuphatikiza ndege zimene zinakwanitsa kuwoloka nyanja n'kudzagwera ku England komweko, monga ndege ya mtundu wa Halifax ya Cyril Barton wa gulu la 578, imene inagwa ku Ryhope pafupi ndi Sunderland, iye n'kumwalira ndi mabala asanafike kuchipatala.

Samalaninso ndi zizindikiro za ndege. Ndege iliyonse inali ndi nambala yakeyake imene sinkasintha, komanso zilembo zitatu zikuluzikulu zopakidwa m'nthiti mwake. Zilembozo zinali za gulu, ndipo ndege ikatayika zinkapakidwa pa ina yatsopano, mwina sabata yomweyo. Amene amalondola zilembo zokha amasokoneza ndege ziwiri kapena zitatu. Makalaliki nawonso ankalakwitsa manambala ndi kalembedwe ka mayina potayipa, choncho nambala ya mu Form 541 muiyerekezere ndi makhadi a ndege zotayika amene ali ku RAF Museum ku Hendon, ndiponso ndi mabuku a W. R. Chorley, amene anandandalika chaka ndi chaka ndege zimene Bomber Command inataya.

Funso lenileni la agogo, loti anagwera pati, limayankhidwa makamaka ndi zimene zinalembedwa nkhondo itatha. Mu 1944 RAF, gulu la nkhondo la m'mlengalenga la Britain, inakhazikitsa gulu lofufuza osowa, lotchedwa Missing Research and Enquiry Service, limene linagwira ntchito mpaka 1952. Anthu ake ankayenda mudzi ndi mudzi ku Ulaya, kufunsa abusa a mipingo, apolisi ndi alimi, kukumba zotsalira za ndege kuti awerenge manambala a mainjini, ndi kufukula matupi kuti awazindikire. Malipoti awo analowa m'mafayilo a imfa ndi kusowa kwa asilikali, amene ku Kew ali pansi pa AIR 81. Mafayilowa akhala akutulutsidwa pang'onopang'ono motsatira zaka za nkhondo, motero yang'anani m'kaundula wa ku Kew ngati fayilo ya ndege yanuyo yafika.

Ngati siinafike, pali njira ina imene ofufuza ozolowera amaidalira kwambiri. Onani anzake 6 a mnyamatayo kuti anali ochokera kuti. M'ndege imodzi munkakhala anthu a mayiko osiyanasiyana, ndipo anyamata a ku Canada pafupifupi 10,000 anafera m'nthambi imeneyi, kuwonjezera pa zikwi zingapo a ku Australia ndi New Zealand. Mukakhala kuti munali wa ku Australia, fayilo yake ili ku National Archives of Australia pansi pa A705, ndipo ambiri mwa mafayilowa ali pa intaneti. Akakhala wa ku Canada, yake ili ku Library and Archives Canada. Popeza lipoti la ofufuza osowa linkanena za ndege yonse, kope lake limapezeka kawirikawiri m'fayilo ya wa ku Australia kapena wa ku Canada, ndipo dzina la mlongo wa agogowo lingakhalemo pamodzi ndi mudzi umene ndegeyo inagwera. Wina akakhala kuti anapulumuka ndi parachuti n'kugwidwa, monga anachitira anthu 9,838 a nthambiyi, mayankho amene anapereka atamasulidwa ali ku Kew pansi pa WO 344, ngakhale kuti munthu wodumpha mumdima m'ndege yoyaka nthawi zambiri sankadziwa chimene chinachitikira anzake.

Manda amene mudzawapeze musawatenge ngati malo amene ndege inagwera. Ku Netherlands, Belgium, France ndi Denmark anyamata ambiri anasiyidwa m'manda a m'midzi imene anagwera, koma ku Germany matupi anafukulidwa nkhondo itatha n'kusonkhanitsidwa m'manda akuluakulu monga Reichswald Forest, Rheinberg, Hanover, Berlin ndi Durnbach, nthawi zina makilomita mazana kuchoka pamalo oyamba. Pa tsamba la munthu aliyense amene anasamutsidwa, bungwe la manda lija kawirikawiri limaikapo chithunzi cha chikalata chosamutsira thupi, ndipo pamenepo pamalembedwa manda oyamba. Amenewo ndiwo amakhala pafupi ndi pogwera ndege. Mukaona kuti anthu awiri kapena atatu ali m'manda amodzi, tanthauzo lake n'lakuti matupi sanathe kusiyanitsidwa, ndipo mawu amenewa muwasankhire nthawi yabwino powauza agogo.

Mbali ya Germany ili ndi zolemba zake, zina ku Bundesarchiv mumzinda wa Freiburg, zina m'mabuku a maliro a m'matauni ndi m'mipingo. Pa intaneti mudzakumana ndi masamba otchula dzina la woyendetsa ndege wa Germany amene akuti ndiye anagwetsa ndege yakutiyakuti. Ine ndikukulangizani kuti zimenezi muzilandire mosamala, chifukwa usiku umene ndege zambiri zinagwa m'dera limodzi pa mphindi zoyandikana, ndege imodzi inkatha kulembedwa ndi anthu awiri, wa m'mwamba ndi wa mizinga ya pansi, ndiponso pa nyengo zina za chaka mawotchi a mayiko awiriwa ankasiyana ndi ola limodzi. Kulumikiza dzina ndi ndege nthawi zambiri ndi maganizo a wofufuza wa masiku ano, osati mawu a chikalata. M'mabuku a m'matauni omwewo mudzaonanso mayina a amayi ndi ana amene anafa ndi mabomba a ndege zomwezi, monga anthu pafupifupi 40,000 a ku Hamburg mu Julayi 1943, ndipo wofufuza woona mtima sawalumpha.

Pofotokozera agogowo, siyanitsani chimene chikalata chanena ndi chimene inu mukuganiza, ndipo pamene zolemba zathera nenani kuti zathera pamenepo. Munthu amene wadikira zaka zoposa 80 ayenera kupatsidwa zoona ngakhale zikhale zochepa. Monga wachibale, iwo ali ndi ufulu wopempha ku boma la Britain mbiri ya usilikali ya mlongo wawo, ndipo pempholo lilembedwe m'dzina lawo, banja lawo ndi abwana anu akudziwa.

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, ndipo ophunzira anga amandifunsa ngati anthu akuda a ku Africa analipo m'ndege zimenezi. Kodi ndingawapeze m'zolemba?
*Mphunzitsi wa ku Zomba*

Yankho: Aphunzitsi, analipo koma anali ochepa. Amuna a ku Nyasaland anamenya nkhondoyi makamaka pansi, m'gulu la King's African Rifles, ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Lamulo loletsa anthu osakhala azungu kulandira maudindo a usilikali wa Britain linaimitsidwa mu Okutobala 1939, ndipo pambuyo pake anyamata ena a ku West Africa ndi ku Caribbean analowa m'ndege. Chitsanzo chimene ophunzira anu angachilondole okha ndi John Henry Smythe wa ku Sierra Leone, wolondola njira m'ndege ya Stirling ya gulu la 623, amene anawomberedwa mu Novembala 1943 n'kukhala mkaidi ku Stalag Luft I, msasa wa akaidi a nkhondo ku Germany, mpaka nkhondo itatha. Wina ndi Cy Grant wa ku British Guiana, wa gulu la 103, amene Lancaster yake inagwa ku Netherlands mu Juni 1943. Vuto n'lakuti mabuku a magulu a ndege salemba mtundu wa munthu kapena kwawo, amangolemba dzina ndi udindo, choncho simungawapeze pofunsa kuti akuda ndi ati. Muyenera kuyamba ndi dzina.

Dzina la gulu lisakusocheretseni. Gulu la 44, limene mu 1941 linapatsidwa dzina la Rhodesia ndipo linali loyamba kugwiritsa ntchito Lancaster, linatchedwa choncho chifukwa cha azungu a ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) amene analimo. Mtsogoleri wake wodziwika, John Nettleton, wobadwira ku Natal, anatsogolera ulendo wa masana wa ku Augsburg, mzinda wa ku Germany, pa 17 Epulo 1942, pamene mwa ndege 12 zinabwerera 5 zokha. Iye anasowa mu Julayi 1943 pochokera ku Turin, mzinda wa ku Italy, ndipo dzina lake lili pa chipilala cha Runnymede. Anthu akuda a kuno kum'mwera anakhudzidwa m'njira ina: m'masukulu ophunzitsira oyendetsa ndege pafupi ndi Salisbury (lero Harare), Bulawayo ndi Gwelo (lero Gweru), iwo ndiwo anamanga mabwalo, ambiri mokakamizidwa, ndipo ena ankalondera mabwalowo m'gulu la Rhodesian Air Askari Corps. Zolemba za amenewa muzifunefune ku National Archives of Zimbabwe mumzinda wa Harare, pamene za asilikali a King's African Rifles mungayambire pa National Archives of Malawi, ku Zomba komweko.